Antelope Canyon ndi Buckskin Gulch mu August, ndi ana komanso amayi, tithandizeni nzeru

Make Tadala: Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa amene munayendako mbali ya Arizona ndi Utah. Amayi anga anabwera kuchokera kumudzi ndipo ali nafe kuno ku Las Vegas mpaka September, ndiye ine ndi abambo akunyumba tikufuna tiwatenge akaone zigwembe zopanikiza zija za miyala yofiira, zimene timangoziona pa zithunzi. Tchuthi changa chili pakati pa August. Tili ndi ana awiri, wina wa zaka 9 wina 5. Pulani ndi yoti tiyambe Antelope Canyon ku Page, tikagone ku Kanab, m'mawa mwake tilowe Buckskin Gulch tokha popanda gaidi poti kumeneko sikudula. Zili bho kapena?

Aphiri a Thiraki: Mlamu, Antelope pitani ndithu. Koma Buckskin mu August, ndi ana, ndi amayi, ayi. Chonde ayi.

Make Tadala: Chifukwa cha kutentha? Ndimaganiza kuti mkatimo mumakhala mthunzi

Aphiri a Thiraki: Mthunzi ulimo, mumazizira bwino kwambiri. Vuto ndi madzi. Kuyambira July mpaka September kumeneko ndi nyengo ya mvula ya mabingu, m'mawa kumacha kuli ngwee koma pofika masana mitambo yaunjikana kumapiri, ikangoti khuthu kwa mphindi 30 basi makwawa onse adzadza. Ine msewu wa 89 wochoka ku Page kupita ku Kanab ndimaudutsa ndi katundu, ndaonapo khwawa louma gwa m'mawa, pobwerera madzulo likukokolola mitengo.

Bambo a Yankho: Koma Aphiri musawaopseze anthu. Ife tinachoka kuno ku Indiana mu July, tinalowa m'zigwembe za ku Utah ndi anyamata, kunja kunali dzuwa lokhalokha ndipo palibe chinachitika. Kuchipululu mvula yake iti? Munthu wasunga ndalama, tchuthi chake ndi chomwecho, mayi akubwerera kumudzi September, mukufuna adikire chaka cha mawa?

Nabanda: Bambo a Yankho, ndikumva mfundo yanu ya tchuthi, koma ndiloleni ndifotokoze chifukwa mawu oti kunja kunali dzuwa ndi amene amaphetsa anthu m'malo amenewa. Dera lonselo ndi thanthwe, mchenga wakalekale umene unauma nkusanduka mwala, ndipo udzu ndi mitengo nzochepa. Mvula ikagwa silowa pansi, imangothamanga pamwamba pa thanthwe, timifuleni tonse tikuthira mu khwawa limodzi, khwawalo nkupita kukalowa mu mng'alu woti mukatambasula manja mukugwira makoma onse awiri. Ndiye madzi a dera lalikulu akapanikizidwa pamalo otero sangachitire mwina, amakwera m'mwamba. Ndipo zigwembezi zinapangidwa ndi madzi omwewo, kusalala kwa makoma kumene timakukonda pa zithunzi ndi ntchito ya madzi ndi mchenga akamadutsa mwamphamvu. Mukalowamo mwalowa mu njira ya madzi.
Pa 12 August 1997 ku Lower Antelope komweko (Antelope ili pawiri, Upper ndi Lower) kunafa alendo 11, ambiri a ku France. Pamalopo mvula sinagwe yoti nkuitchula, inagwa kumtunda makilomita pafupifupi 11. Anapulumuka ndi gaidi yekha.

Make Tadala: Mayo ine. Ndiye Antelope yomweyo mukuti tipite?

Nabanda: Kusiyana kwake nkwakuti Antelope ili m'dziko la a Navajo ndipo simungalowe nokha, mumalowa ndi gaidi wawo basi. Chichitikireni ngozi ija anamanga makwerero achitsulo okhazikika ku Lower, amatsatira zanyengo tsiku lonse, ndipo akaona kuti kumtunda kwada amangotseka, ngakhale mutalipira kale. Komanso ndi yaifupi, ola limodzi kapena kupitirira pang'ono mwatuluka. Buckskin ndi nkhani ina, ndi makilomita opitirira 20 a mpanipani, malo otulukira ndi ochepa kwambiri, netiweki mulibe, ndipo madzi ake amachokera kutali, mbali ya ku Bryce Canyon. Mu March 2023 momwemo munafa anthu awiri ndi madzi.

Mwana wa ku Phalombe: Ndakhala ndikungowerenga koma apa ndiyankhulepo. Ife a ku Phalombe izi sitichita kuuzidwa. March 1991 ndinali mwana wa ku pulayimale, madzi anatsika kuchokera ku phiri la Michesi ndi miyala ikuluikulu ndi mitengo, anthu mazana anapita, akuluakulu nkumati wadutsa Napolo. Chimene sindiiwala ndi phokoso, limabwera madziwo asanafike, kugunda kwa pansi pansi koti umamva m'chifuwa. Ndipo 2023 Freddy anatikumbutsanso, Chilobwe, Mulanje, kwathu komwe. Kwathu kuja bola pali poti uthawire, ungathamangire kumtunda. Nanga mu mng'alu woti makoma ndi aatali kuposa nyumba zosanja uthawira kuti, mwana wa zaka 5 ali kumsana, amayi ali pambuyo? Achemwali, afunseni amayiwo ngati angalole kuyenda m'khwawa nthawi ya dzinja. Yankho lawo mukulidziwa kale.

Make Tadala: Eee achimwene mwandifika pamtima. Amayi ndi a ku Mulanje, ndikawauza zimenezi sakweranso ndi galimoto yomwe

Bambo a Yankho: Pepani a Phalombe pa zimene munaona, sindikuchepetsa ayi. Koma funso langa lidakalipo. Masiku ano zanyengo zili pa foni, ukaona kuti mawa kulibe mvula bwanji osalowa? Tikamaopa chilichonse tizingokhala m'nyumba ndi kuntchito basi, ndipo anthu athu kuno ndi mmene tikukhalira, zaka 10 munthu ali ku America sadziwa china koma shifiti ndi tchalitchi. Ine zimandiwawa zimenezo.

Aphiri a Thiraki: Apo pokha ndikugwirizana nanu man, tiziyenda. Koma foni imakuuzani za tauni ya Kanab, siikuuzani za mtambo umodzi umene uli kuseri kwa phiri makilomita 40 kumtunda. Mvula ya nyengo imeneyi ndi ya apa ndi apo, pano pauma, kutsidya kukugwa matalala. Mwina mwa masiku khumi asanu ndi anayi mutuluka bwinobwino ngati mmene munatulukira inu. Ndi la khumilo tikukamba.
Ndipo china, msewu wopita ku Wire Pass kumene anthu amayambira Buckskin, House Rock Valley Road, ndi wafumbi ndipo dothi lake ndi dongo. Ukanyowa ngakhale 4x4 imangovina, matayala amavala matope mpaka osagwiranso pansi. Galimoto ya renti musayerekeze.

Nabanda: Aphiri "mwa masiku khumi" mwangoyerekeza eti, tisatenge ngati chiwerengero 🙂 koma mfundo ndi yomweyo. Ine Wire Pass ndinayendamo mu October ndipo chimene chinandikhalitsa chete si kukongola ayi. Ndinayang'ana m'mwamba nkuona chipika chachikulu cha mtengo chitapanikizika pakati pa makoma awiri, kutalika koti ngakhale anthu atatu atakwerana pamapewa sangachigwire, udzu wouma ukulendewera pamenepo. Palibe munthu anachiika. Ndi pamene madzi anafika. Ndinaima pansi pake nthawi ndithu, mchenga wozizira kumapazi, kumwamba kukuoneka kamzere chabe ka buluu, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndikalowa m'chigwembe chilichonse maso anga amayamba afunafuna pokwera.
Koma ndi kokongola zedi, ndisakubisireni. Pamene Wire Pass imakumana ndi Buckskin pali khoma lalikulu lokhala ndi zojambula zogoba za anthu akale, nkhosa za m'mapiri ndi zina. Mudzapiteko, koma April, May kapena October.

Sisi wa Nesi: Ndalowa mochedwa, ndinali ku naiti. Make Tadala, za ana ndikuwonjezere ichi. Little Wild Horse Canyon, kufupi ndi Goblin Valley ku Utah, ndi chigwembe chimene aliyense amati ndi cha mabanja, chosavuta, ana amathamangamo. Mu May 2020 madzi anatenga ana awiri apachibale momwemo, wa zaka 7 ndi wa zaka 3. Ndipo ku Zion pa 14 September 2015 ku Keyhole Canyon kunafa anthu 7, akuluakulu okhala ndi zingwe ndi zipewa zawo, anali ndi chilolezo cha paki. Tsiku lomwelo ku Hildale, kufupi konko, madzi anakokolola magalimoto awiri muli amayi ndi ana. Sikuti ndikufuna kukuopsezani, ndikufuna mukaona mtambo wakuda kulikonse, ngakhale kutali, mubwerere popanda kukambirana.

Make Tadala: Zikomo sisi. Buckskin ndaichotsa basi. Nanga The Narrows ku Zion? Ana anaiona pa YouTube anthu akuyenda m'madzi ndi ndodo ndipo akundivutitsa

Sisi wa Nesi: Narrows ndi mtsinje weniweni, Virgin River, mumayenda m'madzi momwemo pa miyala yoterera, pena m'mawondo pena m'chiuno. Kwa amayi ndi kamwana ka zaka 5 ine ndingati yendani Riverside Walk yokha, njira yosalala ya m'mbali mwa mtsinje, mukafike pamene anthu amayambira kulowa m'madzi, ana anyowetse mapazi, mujambule, mubwerere. A paki amalemba tsiku lililonse kuti chiopsezo cha madzi osefukira chili pati ndipo madzi akakwera amatseka, muwerenge chikwangwanicho musanakwere basi yawo. Komanso ana asamwe kapena kumiza mutu m'madzimo, kuyambira 2020 a paki akhala akuchenjeza za ndere zina zapoizoni za mumtsinjemo, galu anafapo nazo.

Mwana wa ku Phalombe: Ndipo zizindikiro ndi zomwe zija za kwathu. Madzi oyera akayamba kuda, timitengo ndi masamba zikayamba kuyandama, kamphepo kozizira kakabwera mwadzidzidzi kuchokera kumtunda ndi fungo la dothi lonyowa, kapena mukamva kugunda kuja, siyani chikwama kwerani pamwamba paliponse. Osathamangira kumunsi kuti muwapitirire madzi, simungawapose.

Achimwene a ku Minnesota: Ine ndibweretse mbali ina, poti Bambo a Yankho akunena zoona kuti anthu tiziyenda. Zigwembe si zokhazo zokongola. Kuli malo aja amati badlands, dziko loti linakokoloka lonse nkutsala zitunda zosongoka, mizeremizere yofiira, yotuwa, yachikasu, popanda mtengo ndi umodzi womwe. Ife kuno timapita ku Badlands National Park ku South Dakota. Ukuyenda pa galimoto m'dambo la udzu lathyathyathya, kenako mwadzidzidzi dziko langothera pansi, maso akuona zigwembe mpaka kumene kumathera thambo. Dothi lake limakokoloka pafupifupi masentimita awiri ndi theka pa chaka, ndiye mvula iliyonse imafukula mafupa a nyama zakalekale, timahatchi ta zala zitatu ndi zina zoti kulibenso. Mu 2010 kamtsikana ka zaka 7 kanapeza chigaza cha chilombo cha mano aatali chija chonga kambuku, kufupi ndi ofesi ya alendo, kanakauza a paki. Mwana wanu wa zaka 9 angasangalale kwabasi. Kungoti ukapeza fupa sutola, ndi mlandu, umajambula nkukanena. Kulinso njati za ku America zija, zimaoneka zofatsa koma musaziyandikire.

Make Tadala: South Dakota ndi kutali achimwene, kuchoka ku Vegas ndi masiku awiri pamsewu

Achimwene a ku Minnesota: Zoona. Koma inu muli nazo pakhomo, Zabriskie Point ku Death Valley, maola awiri kuchoka ku Vegas. Zitunda zachikasu zopindikapindika, dzuwa likamatuluka zimachita kuwala.

Sisi wa Nesi: Death Valley mu August?? Achimwene, kumeneko ku Furnace Creek nkumene anayeza kutentha kwa 56.7°C mu July 1913, ndipo chilimwe chilichonse kumafika cha m'ma 50. Ngati mupita, mufike kusanache, muime pa Zabriskie pomwepo poti ndi kamtunda kakafupi kuchoka poimika galimoto, 8 koloko muli m'galimoto mukubwerera. Golden Canyon musatsikemo mwezi umenewo. A paki eniake amati m'chilimwe osayenda pansi ikakwana 10 m'mawa.
Anthu athu timadzinamiza kuti ife ndi a ku Africa, ndinakulira ku Nsanje kapena ku Chikwawa, dzuwa silingandiuze kanthu. Kutentha kwa uku ndi kouma, thukuta limauma usanalione ndiye sudziwa kuti madzi akutha m'thupi. Munthu mmodzi malita 4 pa tsiku, ndi zamchere zodya, mtedza, tchipisi, chifukwa madzi okhaokha opanda mchere nawonso amadwalitsa. Ndipo amayi ngati amamwa mankhwala a BP, makamaka aja okodzetsa, muwayang'anitsitse, akulu sakonda kudandaula, amangoti ndili bwino mwanangu pamene mutu ukuzungulira. Akayamba kusokoneza mawu kapena kusiya kutuluka thukuta ndi 911 pompo, muwathire madzi thupi lonse podikira.

Make Tadala: Amamwadi a BP. Ndalemba zonsezi

Achimwene a ku Minnesota: Sisi akunena zoona, ndinaiwala mwezi. Ndiwonjezere za dothi la badlands, likauma limakhala ngati chikhokho cha nsima, kuphwanyika ukaponda, koma likanyowa ndi sopo weniweni, nsapato imanyamula matope mpaka mwendo kulemera ndipo pa chitunda umatsetsereka osagwira kanthu. Komanso kusochera nkosavuta poti chitunda chilichonse chikufanana ndi chinzake. Ku Bisti ku New Mexico kulibe ndi njira yolembedwa yomwe, anthu amatsitsiratu mapu pa foni asananyamuke.

Nabanda: Amene muli kumudzi musamve ngati zonsezi ndi za kunja kokha, ku Machinga kufupi ndi Liwonde kuli Malape Pillars, zipilala za dothi zimene madzi anasema pokokolola. Ndi zazing'ono poyerekeza ndi South Dakota koma kapangidwe kake ndi komweko.

Sisi wa ku Joni: Ine ndili ku Joburg ndiye ku Utah sindikufikako msanga, koma kuno tili ndi Fish River Canyon ku Namibia. Anzanga a kuntchito amapita. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 85 kuchoka ku Hobas kukathera ku Ai-Ais, masiku anayi kapena asanu chikwama kumsana, ndipo amangotsegula kuyambira 1 May mpaka pakati pa September chifukwa miyezi inayo ndi kutentha ndi madzi osefukira. Salola munthu mmodzi kapena awiri, muyenera kukhala atatu kupita m'mwamba, ndipo aliyense abweretse kalata ya dokotala. Ndiye mukuona kuti nawonso anaika nyengo yake, sanasiyire munthu aliyense kuti aziyang'ana kumwamba yekha. Kwa ofuna kachigwembe kopanikiza kosavuta kuli Sesriem kufupi ndi Sossusvlei, kilomita imodzi basi.

Bambo a Yankho: Chabwino ndamva, makamaka za chipika chija cha Nabanda. Koma ndinene dandaulo langa pa Antelope poti aliyense akuitama. Ife tinalipira ndalama zambiri, ndipo mkatimo tinali ngati pamzere, gulu kutsogolo gulu kumbuyo, gaidi akungoti tiyeni tiyeni, sunathe nkujambula komwe wina wakugunda kale. Kampaniyo sinditchula koma sindinasangalale. Ndipo khadi ija ya pachaka ya ma national park anaikana.

Aphiri a Thiraki: Khadiyo sigwira chifukwa si paki ya boma la America, ndi dziko la a Navajo, ali ndi boma lawo ndi malamulo awo. Za kuthinana mukunena zoona, anthu amachuluka makamaka masana ku Upper pamene kuwala kuja kumatsika kuchokera pamwamba, miyezi ya chilimwe. Koma ine ndalamayo sindiidandaula. Ndi malo awo, amawalemekeza, ndipo mabanja ambiri kumeneko amadya pa ntchito imeneyi. Ife tomwe mlendo akabwera ku Mulanje timafuna atenge gaidi ndi wonyamula katundu wa konko, si choncho? Mlamu, mukafuna anthu ochepa bukani ya m'mawa kwambiri, ndiponso m'mawa ndi pamene mitambo isanaunjikane. Muwauzenso ana asakande makoma kapena kulemba maina.

Make Tadala: Upper kapena Lower, poganizira maondo a amayi?

Aphiri a Thiraki: Lower mumatsika ndi makwerero achitsulo otsetsereka ndithu ndipo pena mumayenda chammbali. Upper pansi pake ndi pa mchenga pathyathyathya, amakutengani pa galimoto mpaka pakhomo. Koma pobuka mufunse za potulukira, chifukwa masiku ano mumatulukira mbali ina nkuzungulira pamwamba, pali masitepe ndi dzuwa. Muwauze zaka za amayi ndi za mwana akuuzani okha. Mufunsenso za zikwama, ambiri salola.
Ndipo nthawi!! Izi zimagwetsa anthu ambiri. Arizona sasintha wotchi m'chilimwe, Utah amasintha, a Navajo nawonso amasintha, ndiye kufupi ndi Page foni imangodumphadumpha ola limodzi. Matikiti a Antelope amayendera nthawi ya ku Page, imene mu August ikufanana ndi ya ku Vegas. Ikani wotchi ya pamkono pa nthawi ya kwanu musaisinthe.

Nabanda: Chomaliza kwa ine, ndipo ichi ndi cha Bambo a Yankho ndi anyamata awo kuposa Make Tadala. Kulikonse kumene mukulowa nokha, uzani munthu dzina la chigwembe ndi ola loti akapanda kumva kwa inu aimbe foni. Aron Ralston uja mu April 2003 ku Bluejohn Canyon, mwala unamupana dzanja, anakhala masiku asanu mpaka anadzidula yekha mkono ndi kampeni, ndipo chimene chinachedwetsa omufuna nchakuti sanauze aliyense kumene wapita. Lembani pagulu pano ngati palibe wina, tilipo ambiri ogwira naiti, wina aona.

Bambo a Yankho: Izo ndavomera. Tikukonza za zigwembe za Peek-a-boo ndi Spooky ku Escalante chaka cha mawa, ndidzalemba pano. Akuti Spooky pena imapanikiza mpaka masentimita 25, chikwama umachita kunyamula m'manja uku ukuyenda chammbali.

Nabanda: Ndi zoona, ndipo msewu wake Hole-in-the-Rock ndi wafumbi, wa mabampu. Pitani April kapena kumayambiriro kwa May. Mukaona dothi lakuda la timatumphutumphu m'mbali mwa njira musapondepo, ndi lamoyo, ndi limene limagwira mchenga kuti usauluke ndipo likaphwanyika limatenga zaka zambiri kuti libwerere.

Make Tadala: Abale zikomo kwambiri nonse. Ndakambirana ndi abambo akunyumba pa foni pompano. Tinyamuka ku Vegas Lachisanu masana tikagone ku Page, Loweruka Upper Antelope ya m'mawa, Horseshoe Bend, phompho lija la pamene mtsinje wa Colorado umakhota kufupi ndi Page, tikaione Lamulungu kusanatenthe ana titawagwira manja, pobwerera tidzere ku Zion pa Riverside Walk ngati chikwangwani chili bwino. Buckskin tidzapita awiri mu October ana titawasiya. Aphiri, pakati pa Kanab ndi Page pali pothira mafuta kapena tithiriretu?

Aphiri a Thiraki: Thirani fulu ku Kanab mlamu, ndi makilomita pafupifupi 120 ndipo pakati ndi tchire. Madzi mugule ku Vegas konko, kesi ziwiri, imodzi izikhala m'galimoto nthawi zonse.